Chijasi cha Alamu Anga

Ndinakhala miyezi isanu ndi itatu osaponda pakhomo pa achemwali anga, chonsecho kuchoka kwanga kukafika kwawo ndi mtunda woti munthu n'kupita ndi kubwerako tiyi asanazizire. Anthu ankandinena kuti ndine mlamu wouma mtima. Ndinkawasiya alankhule, pakamwa ndi pawo. Chimene chinkandimanga miyendo chinali chimodzi: achemwali sankadziwa kuti tsiku limene amuna awo anagwa pa ntchito, amene anawafunditsa chijasi dzuwa lili paliwombo ndinali ine.

Alamu anga anagwira ntchito yothira phula m'misewu zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anayamba ndi kukankha wilibala, kenaka anakwera udindo, ngati umenewo n'kuutcha udindo, n'kukhala munthu woyenda kumbuyo kwa makina oyala phula ndi fosholo m'manja, kusalaza m'mphepete ndi kudzaza pamene makina aphonya. Diso lawo linali loopsa. Ankaima, kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Apo madzi adzakhazikika." Kapitawo ankabwera ndi chingwe ndi thabwa lake loyezera, kugwada, kuyeza, n'kupeza kuti ndi zoona. Galimoto sanakhale nayo, ngakhale njinga. Misewu imene anaisalaza ndi manja awo ankaiyenda wapansi, cham'mbali, akulizidwa hutala ndi anthu amene sanagwirepo fosholo. Nthawi zina Lamlungu ankatenga achemwali ndi ana awo aakazi atatu kukawaonetsa mphambano inayake, n'kumawalozera ngati munda wawo. Achemwali ankabwerako akudandaula mapazi.

Ndi alamuwo amene anandilowetsa ntchito imeneyi nditatopa ndi kuyendayenda. Tsiku loyamba anandiuza zinthu ziwiri: ndisamaime kumbuyo kwa chigudumu chopsinja phula, ndipo ndisamayankhe kapitawo asanadye.

Pa ntchito palibe amene ankawatchula dzina lawo. Anali a Chijasi basi. Chijasicho anachigula pamsika wa zovala zakale asanakwatire, chaubweya, chofiirira, cholemera ngati thumba la mchenga, chofika m'maondo. Mabatani ake anali asanu ndipo panalibe awiri ofanana, chifukwa lililonse likaduka achemwali ankasokerapo limene alipeza. Thumba lakumanzere linali losokedwa ndi ulusi wobiriwira. Chinkanunkha phula ndi utsi ngakhale chichapidwe katatu. Achemwali ankati chijasicho ndi mkazi wamkulu, iwo anangochipeza pabanja.

Anthu amene amatiwona masana amaganiza kuti mdani wathu ndi dzuwa lokha. Sanakwerepo kumbuyo kwa lole yopanda denga mbandakucha, nyengo yozizira, mphepo ikudula makutu. Pofika pamalo a ntchito zala zimakhala zitauma moti fosholo umaigwira ndi zikhatho ngati mwana wophunzira kudya. Ndiye pa lole yathu panali lamulo limene palibe analikhazikitsa: amene akunjenjemera kwambiri ndiye afunde chijasi. Alamu ankayang'ana tonse mmodzimmodzi, kuvula, n'kumuponyera munthuyo paphewa.

"Fundani, mungatiswere mano," ankatero.

Iwo ankatsala ndi malaya awiri, manja m'khwapa, akuimba nyimbo ndi mawu oipa kwambiri kuti tiseke. Chijasi chimenecho anachifundapo aliyense: woyendetsa chigudumu, mayi wa mbendera amene ankaimitsa magalimoto, ngakhale kapitawo, amene tsiku limenelo sanakalipire munthu mpaka masana.

Ine chinandipulumutsa chaka changa chachiwiri. Tinkakonza ngalande pansi pa msewu wa m'mapiri, mvula yamawawa ikugwa kuyambira m'mawa, ife titaima m'madzi ofika m'maondo. Ndinayamba kunjenjemera, kenaka ndinayamba kugwetsa zinthu, kenaka ndinangofuna kukhala pansi n'kugona pomwepo m'matopemo. Alamu anandifunsa dzina la amayi anga ndipo akuti ndinawayankha zosamveka. Anandikoka, kundivula malaya onyowa, kundikulunga m'chijasi, n'kundikhazika pafupi ndi mgolo wotenthetsera phula. Anandimwetsa tiyi wa shuga wambiri ndi chivundikiro cha botolo. Namwino amene anandiona madzulo ake anati ndikanakhala m'madzimo theka la ola lina, bwenzi nkhani ili ina.

Choncho ndinaphunzira kuti munthu akamanjenjemera umamufunditsa. Phunzirolo ndinalisunga bwino, mopitirira muyeso.

Nyengo yotentha ili ndi malamulo ake. Phula limabwera pa lole likutentha moti ukhoza kuphikirapo dzira, ndipo liyenera kuyalidwa lisanazizire, apo ayi lauma ndipo katundu yense watayika. "Phula silidikira munthu," ndiwo mawu amene tinkauzana. Dzuwa limakuwotcha kumutu, phula limakuwotcha kumapazi kudzera m'jombo, ndipo utsi wake umakhala pakhosi. Chigubu cha madzi akumwa chinkakhala pa lole yathu, imene inkaimikidwa patali kuti isatchinge njira, ndipo pofika teni koloko madziwo ankakhala ofunda ngati osamba mwana. Munthu wochoka pamzere kukamwa madzi phula likutsitsidwa tinkamutcha bakha. Amene ankayambitsa chipongwe chimenechi kawirikawiri ndinali ine. Ndinkachita kulira ngati bakha, anthu n'kumafa ndi phwete, munthuyo n'kubwerera asanafike pachigubu. Ndinali ndi luso pa zimenezi, ndipo ndinkanyada nalo.

Alamu sanatchedwepo bakha ngakhale kamodzi. Malaya awo ankafika kunyumba ali ndi mizere yoyera ya mchere kumsana, ndipo achemwali ankati tsiku lina adzasiya kugula mchere n'kumangokung'untha malayawo mundiwo. Chijasi ankachitengabe ngakhale kukutentha. Chinali mpando wawo pa nthawi ya nkhomaliro ndi mtsamiro wawo pobwerera.

Tsiku limenelo malole a phula anachedwa. Tinakhala m'mawa wonse tikudikira pamtetete popanda mtengo ngakhale umodzi, n'kumamwa madzi chifukwa chosowa chochita, mpaka chigubu chinauma. Kenaka cha m'ma thwelofu malole anabwera atatu motsatizana. Kunalibe mphepo. Ndinamva pambuyo pake kuti alamu anali atatsegula m'mimba dzulo lake ndipo m'mawawo sanadye kanthu. Achemwali anawauza kuti agone, iwo anati m'mimba si matenda.

Tili pakati pa lole yachiwiri ndinawayang'ana kumsana. Tonsefe tinali titanyowa ngati taviikidwa, koma malaya awo anali akuuma.

"Taonani mwamuna uyu," ndinakuwa. "Ngakhale thukuta likumuopa. Inu abakha phunzirani."

Anthu anaseka. Alamu sanatembenuke.

Patapita kanthawi ndinaona atasiya mzere wa phula wotumphuka m'mphepete, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Kapitawo atawalozera, anamutukwana. Munthu amene sankatukwana ngakhale galu. Kenaka anaponya fosholo n'kuyamba kuyenda pakati pa phula lotentha, akusiya mapazi a jombo pa ntchito yawo yomwe. Ndinathamanga n'kuwagwira mkono. Thupi lonse linali litachita tsemwe ndipo chibwano chinkagwedezeka. Ndinawagwira pamphumi, panali ngati lata la padzuwa.

"Alamu, mukumva bwanji?"

"Kuzizira," anatero. "Ndani watsegula chitseko?"

"Malungo awa," ndinauza anzanga. Ndinanena motsimikiza, ngati munthu amene anapitako kusukulu ya zimenezi, ndipo palibe anatsutsa. Kapitawo anati lole yachitatu ikangomaliza kutsitsa iwatenge kupita nawo kuchipatala, koma pakadali pano achoke padzuwa.

Mthunzi wokhawo pamalopo unali m'kontena, chinyumba chachitsulo chimene tinkasungiramo zida. Tinawanyamula awiri n'kuwagoneka pa makatoni pakati pa mafosholo ndi zikwangwani. M'katimo munali motentha kuposa panja, koma ine ndinaona kuti ndi bwino, poti munthu wa malungo amafunika atuluke thukuta. Mnzangayo anabwerera ku phula. Ine ndinatenga chijasi pamsomali n'kuwafunditsa mpaka m'khosi.

Anachikankha. Ndinawafunditsanso. Anachikankhanso ndi mwendo, akung'ung'udza zosamveka. Kachitatu ndinachilowetsa pansi pa mapewa awo ndi pansi pa miyendo, monga anandichitira ine kumapiri kuja, kuti asathe kuchichotsa.

"Fundani alamu, thukuta lituluke," ndinatero. "Lero ndi tsiku lanu."

Ndinakankha chitseko kuti fumbi lisawalowere, n'kubwerera kukatola fosholo. Kunena zoona, mumtima ndinali wokondwa pang'ono. Ndinkaona ngati ndabweza chifundo.

Anakhalamo mphindi pafupifupi makumi anayi. Amene anawapeza ndi mayi wa mbendera, atapita kukatenga chakudya chake chimene ankachibisa kuseri kwa zikwangwani. Tinangomva kukuwa. Pofika ife, mayiyo anali atataya chijasi panja, atang'amba malaya a alamu, akuwathira madzi a m'botolo lake laling'ono. Maso awo anali atatembenuka ndipo ankapuma ngati munthu wothamangitsidwa.

"Madzi," ankatero mayiyo. "Bweretsani madzi, anthu inu."

"Chigubu chauma," wina anayankha.

"Nanga m'thanki umo muli mchenga?"

Pamtunda wa mapazi khumi kuchoka pa kontena panaima galimoto ya thanki lodzaza madzi othira pa mawilo a chigudumu kuti phula lisamatirire. Inali pomwepo tsiku lonse. Amuna khumi ndi awiri tinkaidutsa uku tikumeza malovu ouma, chifukwa m'mitu mwathu amenewo anali madzi a makina, osati a munthu. Tinawakokera pansi pa mpopi wake n'kutsegula. Madzi anali ambiri, okwanira kusambitsa mudzi wonse. Anangochedwa.

Kuchipatala dokotala anatifunsa kuti anagwa nthawi yanji ndipo tinawachitira chiyani. Achemwali anali ataima pambali panga, atavala nsapato zosiyana chifukwa chothamanga.

"Tinawaika pamthunzi," ndinayankha.

Sindinaname, koma sindinanene zonse. Dokotalayo anafotokoza modekha kuti amenewa sanali malungo. Thupi linatentha mpaka kulephera kudziziziritsa lokha, n'chifukwa chake thukuta linasiya, ndipo munthu wotero nthawi zina amanjenjemera ngati wazizidwa. Anati mankhwala ake oyamba ndi kumuvula ndi kumuthira madzi msangamsanga, chifukwa mphindi iliyonse imene thupi likhala lotentha choncho imaononga ubongo. Ine ndinkagwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, ndipo mwambi umenewu tinkaseka nawo pa ntchito tsiku ndi tsiku. Tsiku limenelo sunandiseketse.

Alamu anakomoka masiku asanu ndi anayi. Atatsitsimuka anali iwo, koma osati athunthu. Lilime linalemera, miyendo inkapita kwina iwo akufuna kwina, ndipo dzanja lamanja linkagwedezeka moti kapu ankawathirira theka. Anatha kuzindikira akazi awo ndi ana awo. Za tsikulo sankakumbukira kalikonse. Mayi wa mbendera anachapa chijasi, kuchipinda, n'kukachipereka kwa achemwali osanena pamene anachipeza. Anangosiya kundipatsa moni kwa mwezi wathunthu, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Ndinapita kuchipatala kawiri. Atatuluka sindinapite kunyumba. Ndinkatumiza sopo ndi shuga kudzera mwa mkazi wanga, n'kumanamizira kutopa.

Pa ntchito zinthu zinasintha, monga zimasinthira munthu akapweteka kale. Anabweretsa lona la mthunzi ndi zigubu zitatu zoyenda ndi mzere, ndipo kapitawo anayamba kuliza wezulo kuti aliyense amwe, afune asafune. Wovuta kwambiri pa nkhani ya madzi ndinakhala ine. Ndinkayenda ndikugwira anthu kumsana kuona ngati malaya ali onyowa. Munthu wina watsopano atandiyankha kuti iye si mwana, ndinamukhuthulira ndowa yonse pamutu ndipo tikanamenyana. Tsopano pa ntchito amanditcha a Bakha. Ndimavomera.

Nyengo yozizira itafika, pa lole panalibe chijasi. Tinkangokhala aliyense manja m'khwapa mwake, popanda woimba. M'mawa wina titatsika ndinaona achemwali ataima pafupi ndi migolo ya phula, atafunda nsalu kumutu. Anali ataonda.

"Iwe," anatero, "ngati tinakulakwira, nena tipepese."

"Ayi achemwali, ndi ntchito chabe."

"Ntchito yomweyi mlamu wako anaigwira zaka zoposa makumi awiri ndipo sanaiwale khomo la munthu. Lole iliyonse ikadutsa amafunsa ngati ndiwe. Ine ndatopa kumunamiza. Lamlungu ubwere."

Ndinapita Lamlungu masana. Kunali mitambo ndi kamphepo. Alamu anali pakhonde pa mpando wa ndalema, atavala chijasi, mabatani onse atamangidwa. Ndevu zinali zitachita imvi. Atandiona anayesa kudzuka, analephera, n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"A... lamu. Mwa... sowa."

Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri. Anandikhazika pa benchi pafupi nawo n'kundilozera kanjira kodutsa pakhomopo, pamene panali kadzenje.

"Apo," anatero, akupendeketsa mutu. "Madzi... adzakhazikika."

"Zoona alamu. Anapanga ndi osadziwa ntchito."

Anakondwa kwambiri. Achemwali anabwera ndi tiyi, kuwathirira theka la kapu, n'kukhala pamkeka ndi diresi la mwana limene ankalisoka. Ana anali atapita kokacheza. Ndinaona kuti ndikamwa tiyi ameneyo ndisananene, sindidzanenanso mpaka kufa. Ndinaika kapu pansi.

"Achemwali, tsiku lija sindinangowaika pamthunzi."

Ndinanena zonse. Za malaya ouma ndi mmene ndinawayamikirira, za kontena, za chitseko, za thanki la madzi. Za chijasi ndinanena pomaliza, ndikuyang'ana pansi. Singano ya achemwali inaima. Alamu ankayang'ana kumsewu, akulondola ndi maso njinga imene inkadutsa.

Achemwali anakweza mutu.

"Iyeyo anavomera kufunda?"

"Anakana."

"Kangati?"

"Kawiri. Kachitatu ndinachilowetsa pansi pawo."

Anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ana chijasicho kuyambira kukhosi mpaka m'maondo.

"Ine m'mawa uliwonse ndimamuveka chimenechi," anatero. "Ndimamumanga mabatani ndi manja angawa."

Anapinda diresi lija, kubaya singano pamwamba pake, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akusuntha mbale zimene sizinkafunika kusuntha. Ndinkafuna anditukwane, andithamangitse, aitane anthu. Madzi akatayika saoleka, ndinkadziwa, koma ndinkafuna wina andiuze kuti ndiwaole ndi manja mpaka zala zituluke magazi. Palibe anandiuza. Ndinayesa kugwira misozi ndipo m'malo mwake thupi lonse linayamba kugwedezeka, mapewa, maondo, chibwano, moti benchi inkagogoda pansi.

Ndinamva mpando ukulira. Alamu anali atasiya kuyang'ana kumsewu, akuyang'ana ine, ndi diso lomwe lija loyang'anira anthu pa lole. Dzanja lawo logwedezeka linali pa batani loyamba. Linawavuta. Analimbana nalo mpaka linamasuka, n'kupita pa lachiwiri.

"Ayi alamu, musavule," ndinatero. "Chonde musavule."

"Asiye."

Anali achemwali, ataima pachitseko, maso ali ofiira. Sanandiyang'ane.

"Usawakanize. N'chokhacho chimene chawatsalira."

Mabatani asanu anawatengera nthawi imene kale akanasalaza msewu kuchoka pakhondepo kufika pamphambano. Palibe anawathandiza. Anatulutsa mkono umodzi, kenaka wina, kugwira mzati wa khonde n'kudzuka, miyendo ikukana. Anatsala ndi malaya opyapyala pamphepo. Chijasi chinandigwera paphewa mopendekera, ndipo anachikoka kuti chifike bwino m'khosi.

"Fu... ndani, alamu," anatero. "Munga... tiswere mano."

Chinkanunkhabe phula. Sindinkamva kuzizira ngakhale pang'ono, koma ndinafunda.